Mkazi Amene Anadzaza Laputopu Yathu

1

Ndine Lisnet wa ku Seke, uja wogulitsa kaunjika pamsika wa Chikwanha, zovala zomwe kuno amati mabhero. Ndadzitchuliratu chifukwa nkhani yanga yakwera kale makombi onse, maminibasi athu a mu Seke Road, ndipo aliyense woifotokoza amathirako mchere wake. Ena akuti ndinaswa TV ndi mpando. Ena akuti ndinakomoka mpaka kundithira madzi. TV ili bwinobwino, abale anga, ndipo ine si munthu wokomoka wamba. Bola muimve kwa mwini wake.

Amuna anga, a Kefasi, bambo a Ratidzo, amakonza masofa m'tauni mu Harare. Samwa, sasuta, sakweza mawu ngakhale munthu awaponde phazi m'kombi. Kutchalitchi kwathu anali mkulu wa mpingo, woti akapemphera kutsogolo amayi ena ankandigwira mkono potuluka n'kumati iwe Lisnet unachita mwayi. Ine n'kumavomera ndi mutu ngati ndinawaumba ndekha. Tonse makolo athu anachokera ku Malawi, koma ine ndinakulira m'tauni, m'nyumba ya nyimbo za Mulungu, pomwe iwo anakulira pakomboni ya famu ina cha ku Beatrice. Loweruka lililonse ankapita kumeneko, ati kukazonda nkhalamba zomwe zinatsalira pafamupo. Ine wachifundone ndinkawapatsa ndi shuga woti akagawire odwalawo.

Zonse zinayamba ndi laputopu yomwe mwana wathu Ratidzo anatisiyira popita kukagwira ntchito ku Joni. Amayi a mvano tinakaimba pamsonkhano waukulu, woyambitsa nyimbo ndili ine, ndipo wina anatijambula vidiyo n'kundiikira pa fulashi yobwereka. Ndinkafuna ndiisunge mu laputopu, mwini fulashi atenge chake. Laputopu inakana. Inanditulutsira kamzere kofiira, ati malo atha.

Ndinafufuta zithunzi zanga za malonda. Kamzere kali pomwepo. Ndinafufuta nyimbo, ndinafufuta ngakhale zithunzi za ukwati wa msuweni wanga, zomwe kunena zoona sindinadandaule nazo chifukwa ndinaoneka wonenepa. Kamzere kali pomwepo, kofiira psuu. Ndipamene ndinayamba kufufuza kuti kodi wadya malo m'menemu ndani.

2

Ndinapeza foda yolembedwa kuti Mipando. Imeneyo yokha inali itameza pafupifupi laputopu yonse, enafe tikupanikizana pakona ngati anthu a lendi. Mipando yanji yolemera chonchi? Ndinatsegula. Munali mavidiyo ndandanda, iliyonse ndi kachithunzi kake kakang'ono. Nditadina imodzi, laputopu inayamba kupumira m'mwamba, kagudumu kapasikirini kodikiritsa munthu kaja n'kumazungulirazungulira, kenako zii, yauma. Inali itakhuta moti sinkathanso kutsegula zomwe yadya.

Koma ine maso anga ndi a kaunjika. Nsalu yabwino ndimaizindikira ili pansi pa mulu, wina aliyense asanaione. Pakachithunzi kena panali mtundu wachikasu wa maluwa ofiira. Linali diresi langa. Diresi lomwe ndinadzisankhira ndekha potsegula belo, ndinakana kuligulitsa ngakhale makasitomala ankalilirira, kenako linasowa pachingwe chaka chatha. Tsiku lomwe linasowa a Kefasi anandigwira phewa n'kunena kuti za dziko n'zakutha, tinagwada n'kupempherera wakubayo kuti atembenuke mtima. Ine ndinati ameni mokweza.

Tsopano diresilo linali apa, litavalidwa ndi munthu wofulatira kamera, wa mbina yoti nsalu inkachita kulira.

Madzulo ndinawafunsa a Kefasi mwaulemu, ndikuwathirira madzi osamba m'manja, ngati ndingafufuteko mipando ina. Sopo anawapulumuka. Anati ndisakhudze, ndi ntchito za makasitomala, adzagula kosungira kena mwezi ukatha. Anafunsanso, maso ali m'beseni, ngati ndatsegulako ina. Ndinati ikukana. Munthu uja anapuma mpweya wautali, mpaka anandiyamikira ndiwo zomwe zinali zopserera.

3

M'mawa mwake laputopu inali m'chikwama cha zovala, ulendo wa pa Chikwanha. Moyang'anana ndi tebulo langa pali Brendon, bambo wogulitsa mafoni, machaja ndi tizipangizo tina ta magetsi, wapakamwa potsekemera woti angakugulitse juzi mu Okutobala. Ndinamuuza kuti ndikufuna kuonera maulaliki omwe ali mkatimo. Iye anati, m'Chishona chakecho, mhamha laputopu yanu yakhuta, musaivutitse, gulani kabokosi aka. Kanali kakuda, kochepa ngati sopo wochapira, kolumikiza kumbuyo kwa TV. Ati kamakoka mavidiyo mu laputopu kudzera pa wayifayi n'kumawaonetsa pa TV, laputopuyo ili phee pakona, inu muli pa sofa ndi rimoti.

Anati tiyesere pa TV yake. Ndinaloza kachithunzi kachikasu kaja.

Panatuluka tchire la mitengo ya bulugamu. Mayi uja anali pakati, akadatifulatirabe, wigi ikugwera m'mapewa, akudzikonza m'chiuno monyada. Zipi ya kumsana ndinaiona bwinobwino, ndi ulusi wobiriwira womwe ndinasokera ndekha. Kenako maso anga anapita panthambi ya mtengo chakumbali. Panali patapachikidwa buluku la a Kefasi, lija ndimalisita Lachisanu, ndi shati yawo. Nsapato zinali pansi, zitaikidwa moyandikana monga amaziikira pakhomo la kuchipinda. Ndipo chapafupi panamveka kuseka kwawo, kuseka komwe m'nyumba mwanga sindinakumvepo chiyambire Ratidzo sukulu.

Ndinazula chingwe cha TV. Anthu anali atayamba kale kuima, ndipo Brendon anafunsa kuti ulaliki umenewu ndi wa mpingo uti. Ndinamuuza kuti akulunge kabokosiko, atseke pakamwa.

Mwina mukuti, bwanji sunakaionere yonse kunyumba uli wekha? Funso labwino, ndipo aliyense akundifunsa tsopano zinthu zitatha. Ine ndinaona buluku pamtengo. Mkazi wa munthu akaona buluku la mwamuna wake pamtengo safunanso gawo lachiwiri. Komanso ndinkadzidziwa, ndikanaona nkhope ya mayiyo ndili ndekha bwenzi nkhani ino ndikuilembera kundende. Ndinafuna mboni. Ndinafuna a Kefasi aione nkhopeyo limodzi ndi ine, pa TV yaikulu, pamaso pa anthu owalemekeza.

4

Kwathu banja likagwedera sumathamangira kwa abusa kapena kupolisi, umaitana ankhoswe, aja anaimira mbali ziwiri pomanga ukwati. Wanga ndi amalume a Albert, mkulu wa mpingo mnzawo wa a Kefasi, munthu woti amapempherera ngakhale kapu ya madzi. Wa a Kefasi ndi achimwene awo a Darlington, oyendetsa lole, omwe kutchalitchi amabwera pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Ndinawaitana onse Lamulungu masana tikaweruka. Amalume anabwera ndi akazi awo, azakhali a Dorica, wapampando wa mvano. Azakhaliwo sindinawaitane, koma nditawaona ndinakondwa, chifukwa chimene iwo aona dzuwa sililowa Seke yense asanamve.

Kabokosi ndinali nditakalumikiza kale pakati pa sabata. A Kefasi ndinawauza kuti n'koonera kwaya, iwo n'kuti mwachita bwino amayi a Rati, nyumba ya mkhristu izimveka nyimbo. Sabata yonseyo ndinawaphikira, ndinawachapira, ndinawasitira ngakhale buluku lomwe lija, mumtima ndikuloweza mawu anga.

Nditapereka tiyi ndinagwada monga mwa mwambo n'kunena kuti m'nyumba muno mwalowa mkazi wina, wadya malo anga mpaka wavala ndi zovala zanga zomwe. A Kefasi analumbira kuti chindikwatirire sanagwirepo dzanja la mkazi wina. Amalume anati tiyambe tapemphera. Ine ndinati tipemphera pambuyo, poyamba tionere kwaya.

Bulugamu atangotuluka pa TV, woyamba kudumpha sanali a Kefasi. Anali a Darlington, tiyi mpaka kutayikira pa kapeti.

"Alamu, zimitsani! Zimitsani msanga chinthucho!"

Ndinati ehe, kodi nanunso mumadziwa eti? Ndiye unkhoswe wake ndi umenewu, kuperekeza mng'ono wanu kutchire? Anatambasula dzanja kuti alande rimoti, ine ndinaiponya m'bulauzi, pakati penipeni, pomwe mlamu sangafikepo ngakhale nyumba ikupsa.

"Khalani pansi, alamu," ndinatero. "Mkazi mnzanga akufuna kutipatsa moni."

5

Ng'oma zinayamba kulira. Mayi uja anagwedeza mbina uku ndi uku, fumbi n'kubuka, kenako anatembenuka.

Nkhope inali ya mtengo. Yopakidwa utoto, milomo yofiira yosatsekeka, ndolo zolendewera, maso obowola. Chinali chilombo cha gule wamkulu, zomwe anzathu Achishona amati zvigure, zija ana a kuno amathawa akaziona, zija ife atchalitchi timawoloka msewu ngati kuti si za kwa makolo athu. Ndipo chinkavina, abale inu, chinkavina moti diresi langa silinavinepo chotero lili pathupi panga.

Amalume anati Ambuye tichitireni chifundo. Koma ine kamtima kena kankati chabwino, anabwereketsa diresi kwa anthu a gule, mlandu ulipo koma ndi waung'ono. Paja chilombo amati si munthu, chimachokera kumanda, ndipo ngakhale aliyense amadziwa zoona zake palibe amanena, makamaka ife amayi.

Koma kabokosi kaja kali ndi khalidwe lomwe Brendon sanandiuze. Vidiyo ikatha sikafunsa munthu, kamangoyamba yotsatira.

Yotsatirayo inayamba ndi nkhope ya a Kefasi itadzaza TV yonse, akukonza foni kuti iime bwino pachitsa. Anabwerera m'mbuyo n'kukhala pachipika. Anali m'diresi langa. Anayamba kulonga masanza kumbuyo ndi pachifuwa, mofatsa, mwaluso, monga amalongera sofa ya kasitomala, chigoba chakumaso chija chili pamiyendo. Kumeneko kunali kudambwe, kumene zilombo zimavalira, komwe mkazi kapena mwamuna wosameta, wosalowa gule, saloledwa ngakhale kuloza ndi chala. Kumbuyo kwawo kunkadutsa amuna ena akudzipaka matope. Mmodzi, wa mimba yake yodziwika ija, anali a Darlington. Wina anali bambo woimba besi m'kwaya yathu.

A Darlington anaima kutsogolo kwa TV atatambasula jekete, koma TV yomwe Ratidzo anatigulira ndi yaikulu kuposa jekete. Azakhali a Dorica anaphimba nkhope ndi manja, zala zitatalikirana bwinobwino, n'kumatchula mayina monong'ona kuti asaiwale. Magetsi, amene kuno amazima ukangoika ketulo pa sitovu, tsiku limenelo anayaka mokhulupirika. Ine ndinali kalikiliki kufufuza rimoti m'bulauzi pamaso pa amalume, yatsetserekera kaya kuti.

A Kefasi ndiwo anadzuka, anayenda pang'onopang'ono n'kuzula pulagi kukhoma.

"Mkazi mnzanu mwamuona, amayi a Rati," anatero. "Muli ndi funso lina?"

6

Ndinali nalo, lopusa. Ndinafunsa kuti nanga bwanji diresi langa. Anati lakale linadyedwa ndi makoswe, ndipo m'nyumba monse lokongola linali limenelo. Zinazo anafotokoza osandiyang'ana, maso ali kwa amalume. Chilombo chimenecho chinali cha malemu bambo awo. Atamwalira panalibe wochinyamula, achinyamata a pafamu anabalalikira m'tauni ndi ku Joni, ndipo nkhalamba zotsalazo chomwe zimapempha n'chimodzi, kuti zikafa zisadzaikidwe chete ngati alendo, gule adzavine. Ndiye kuzonda odwala kuja sikunali bodza lonse. Mavidiyo ankajambula mobisa, anzawo osadziwa, chifukwa mawondo ayamba kukana ndipo ankafuna kuti wina adzaone mmene mapazi amapondera iwo akadzalephera. Foni ikadzaza ankakhuthulira mu laputopu.

Amalume anatenga Baibulo ndi chipewa. A Darlington anatuluka osatsanzika. Azakhali anatsanzika bwinobwino, anali ndi ulendo wautali wa khomo ndi khomo.

Pofika Lamulungu linalo a Kefasi anali atachotsedwa pa ukulu wa mpingo n'kuimitsidwa kudya mgonero, bambo wa besi chimodzimodzi. Akudambwe nawo anatumiza mawu akuti munthu wojambula malo aja mpaka amayi kuonera akumwa tiyi asadzapondekonso. Ratidzo anaimba foni. Ine ndinamufotokozera m'Chichewa ndikulira, iye n'kundiyankha m'Chishona kuti mhamha, ngati vuto linali malo mukanangonena, bwenzi ndakutumizirani kosungira kena.

Mwezi womwewo inamwalira nkhalamba ina yomwe inawalera a Kefasi pafamu paja. Anamva uthenga, anavala jekete, anafika pageti, n'kubwerera kudzakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lotsatira anatenga bulangeti ndi kaketulo n'kusamukira ku Nyatsime, m'nyumba yathu yosamaliza, yopanda mawindo.

Ndinathamangira kwa ankhoswe, poti ndiyo ntchito yawo. Amalume anati iwo sangakhalenso pamkeka umodzi ndi anthu a zilombo, ndifune nkhoswe wina. A Darlington anandiyankhira pawindo la lole kuti m'nyumba mwanga sadzalowamonso, mwina ndawakonzera filimu ina. Anthu awiri okha oyenera kulunzanitsa banja langa, ndinawaotcha onse masana amodzi.

Azakhali a Dorica ndiwo anabwera kudzandipepesa, atatha kugawa nkhani. Anandisisita msana n'kunena kuti mwana wanga, chikanakhala chibwenzi bwenzi tangopempherera, amuna ndi choncho, miyezi ingapo m'kalasi ya olapa abwerera pampando wawo. Koma izi ayi.

7

Ndinapita ndekha ku Nyatsime, chakudya chili m'kontena. A Kefasi ndinawapeza akusakaniza simenti, ataonda. Anandilandira mwaulemu wonse, anandipatsa njerwa yokhalira, anandifunsa za malonda ngati munthu wodutsa. Ndinagwada pafumbi pomwepo. Ndinapepesa, ndinalira, ndipo kulira kwake sikunali kuja kwa pamaliro a eni kochita kusuzumira ngati anthu akukuona. Ndinawauza kuti ndawasowa, nyumba ija yandikulira.

Anatsamira fosholo n'kundifunsa funso limodzi.

"Mukanapezamo mkazi weniweni mu TV muja, bwenzi lero ndili kuti?"

Ndinafuna kunama, koma bodza linakana kutuluka. Ndinawauza zoona. Bwenzi nditatukwana, ankhoswe atawadzudzula, iwo atagona pa sofa masiku angapo, ndipo bwenzi lero ali kunyumba, Lamulungu atanyamula mbale ya chopereka.

Anagwedeza mutu. "Ndiye pepani, amayi a Rati. Ndinakulakwirani posakhala nacho chibwenzicho."

Anatola fosholo n'kupitiriza ntchito. Kontena ndinaisiya panjerwa.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, sindikuuzani kuti musamafufuze. Fufuzani ndithu, amuna ambiri mafoda awo si a gule. Sindikuuzaninso kuti gule ndi wabwino kapena woipa, ine ndinaleredwa kumuthawa ndipo mpaka lero ng'oma zikalira ndimatseka chitseko. Changa n'chochepa. Musanaitane anthu, mufunseni munthu wanuyo muli awiri kuchipinda, funso lenilenilo, ngakhale likuwawa. Akanama, ankhoswe adzakhalapobe mawa. Ine anga ndinawamaliza tsiku loyamba.

Pa Chikwanha amayi ena amabwera patebulo langa kudzandidandaulira za amuna awo achimasomaso, misozi ili mbwe. Ndimawapepesa monga mwa mwambo, ndimawauza kuti apirire. Koma akatembenuka ndimawachitira nsanje, Mulungu andikhululukire, chifukwa awowo madzulo amabwera kunyumba.